Funsani Mkulu wa Njinga: Njinga yatsopano ikundipweteketsa msana ndi manja

FUNSO: Ndakhala ndikupalasa Humber kuyambira ndili mnyamata. Mwezi wathawu ndinagula njinga ya mpikisano ya kaunjika, ya mahandulo opindikira pansi aja. Loweruka ndinachoka ku Area 25 kukafika ku Lumbadzi n'kubwerera. Pofika pakhomo msana unali utauma gwa, ndipo chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinachita dzanzi mpaka Lamulungu. Kodi thupi lizolowera, kapena ndinataya ndalama? Wowerenga, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, ndalama simunataye. Msana uzolowera ndithu, koma dzanzilo musalipirire. Pa Humber mumakhala mowongoka, thupi lonse lili pachishalo. Pa njinga mwagulayi mumawerama, ndipo minofu ya pamimba ndi ya m'chiuno ikatopa, katundu yense amatsikira m'manja. M'munsi mwa chikhatho, mbali ya chala chaching'ono, mumadutsa mtsempha umene madokotala amautcha ulnar. Mukaupanikiza nthawi yaitali, zala ziwiri mwatchulazo ndi zimene zimayamba kudandaula.

Yambani ndi chishalo, mahandulo abwera pambuyo. Ambiri amaloza mphuno ya chishalo pansi poopa kupwetekedwa kumaso. Akatero thupi limangoterereka kupita kutsogolo, manja n'kumalikankhira m'mbuyo ulendo wonse. Ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, muone ngati kagona mofanana. Kenako khalani, pondani pedulo ndi chidendene ili pansi penipeni: mwendo uwongoke koma matako asachoke pachishalo. Mukamapalasa chiuno chikupendekera uku ndi uku, chishalo chakwera kwambiri, ndipo msana wa m'munsi ndi umene ukulipira.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa njinga za kaunjika ndi msinkhu wake. Timagula imene tapeza, osati imene itikwana. Yanga yoyamba inali ya felemu ya masentimita 58, pamene thupi langa limafuna 54. Ndinkafikira mabuleki ngati ndikutola chinthu pansi pa bedi, khosi lili gwa, mapewa m'makutu. Tsiku limene ndinakwera ya mnzanga yaing'onopo, ndinamva ngati anditula thumba la chimanga. Ngati kutalikako kuli kochepa, mankhwala alipo. Kachitsulo kolumikiza mahandulo ku njinga, kamene amakatcha stem, kamakhala ndi utali wosiyanasiyana. Ngati kanu ndi ka mamilimita 110, funani ka 90. Nthawi zambiri n'zothekanso kukatembenuza kuti kaloze m'mwamba, mahandulo n'kukwerako pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi, mupalase masiku angapo, kenako musinthe china.

Kagwiridwe nako. Malo okhalitsa manja ndi pamwamba pa mabuleki, pa mphira paja, dzanja litawongoka ngati mukupatsa munthu moni. Pansi popindikira m'potsetsereka ndi polimbana ndi mphepo basi. Zigongono zipindike pang'ono kuti zizilandira mabampu, zala zigwire mofewa, ndipo musinthe pogwira pakapita mphindi 10 zilizonse. Magolovesi a siponji amathandiza. Matayala musawapope gwa ngati a kabaza wonyamula matumba. Ngati felemu ilola, matayala a mamilimita 28 m'lifupi amafewetsa msewu kuposa a 23.

Ulendo wa ku Lumbadzi unafulumira. Palasani mphindi 30 kapena 40 katatu pa sabata, muziwonjezera pang'onopang'ono. Madzulo gonani chafufumimba, mudzuke pa zigongono ndi zala za kumapazi thupi lili chowongoka, muwerenge mpaka 30.

Koma dzanzi likatha masiku osachoka, kapena mukayamba kulephera kumanga batani la malaya, kapena ululu wa msana ukatsikira m'mwendo, njinga iyambe yakhala m'nyumba, inu mupite kuchipatala. Mudzandilemberenso mundiuze nambala ya felemu yanu ndi msinkhu wanu.