Yankho kwa mayi a ku Mufakose pa za kulongosola zokambirana za gulu lowerenga mabuku

Mayi ena a ku Mufakose, dera la mu mzinda wa Harare muno mu Zimbabwe, andilembera pa imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere. Iwo pamodzi ndi anzawo a kutchalitchi anayambitsa gulu lowerenga mabuku a Chichewa lomwe limakumana Loweruka masana, koma zokambirana zawo zimasokonekera nthawi zonse. Wina akamafotokoza za mutu wachitatu, wina amaulula mathero a nkhani yonse, agogo amatembenukira ku nkhani za kumudzi, pomwe achinyamata, amene anabadwira kuno ndipo amalankhula Chishona tsiku lonse, amangokhala duu mpaka nthawi yobalalika. Akufunsa ngati kungakhale bwino kuligawa gululo pawiri, akuluakulu paokha, achinyamata paokha.

Mayi, ine ndikuti anthuwo musawagawe. Chofunika kugawa ndi nkhani zomwe mumakamba, chifukwa malinga ndi momwe mwafotokozera, pa msonkhano wanu umodzi pamachitika zokambirana zitatu zosiyana zomwe zikulimbirana nthawi imodzimodzi. Pali kukamba za nthano yomwe ili m'bukumo, pali kukamba za chiyankhulo chake, ndiye pali kukumbukira kumudzi kumene bukulo limadzutsa mwa anthu amene makolo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kapena ku Chipata. Zonsezi n'zoyenera, ndipo gulu likataya chimodzi limasauka, koma zikamayankhulidwa mophatikiza, amene ali ndi mawu aakulu ndiye amapambana.

Tiyambe ndi vuto la oulula mathero, pakuti gwero lake si mwano ayi. Mabuku a Chichewa ndi osowa muno mu Harare, ndipo ambiri omwe tili nawo anabwera m'zikwama za apaulendo pa basi yochokera ku Blantyre, yodzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Nyamapanda. Gulu la anthu ambiri likakhala ndi mabuku awiri okha obwerekana, n'zachidziwikire kuti pofika Loweruka wina amakhala atamaliza kalekale pomwe wina sanalione n'komwe. Choncho musamayike mutu wa msonkhano wonena za buku lonse, monga wakuti "chikondi ndi chinyengo m'bukuli", popeza mutu wotere umakakamiza amene anamaliza kutchula za kumapeto. Gawani bukulo m'zigawo potsata masamba, ndipo lengezani pasadakhale kuti Loweruka likubwerali tidzalekezera pa tsamba lakutilakuti. Kenaka pa msonkhanopo, musanayambe kukambirana, werengani mokweza ndime zikuluzikulu za chigawocho mosinthana. Zimenezi zimadya nthawi, koma zimafikitsa aliyense pamalo amodzi, ngakhale uja amene bukulo silinamufike m'manja. Mitu ya buku lonse isungidwire msonkhano womaliza, pamene palibenso chobisa.

Kuwerenga mokwezaku kuli ndi phindu lina kwa achinyamata anu. Ambiri a iwo Chichewa amachimva bwinobwino kuchokera kunyumba ndi kutchalitchi, koma sanachiphunzirepo kusukulu, kotero akachiona papepala amachita nacho mantha. Ngati buku lanu ndi lakale, vutoli limakula, chifukwa mabuku osindikizidwa kalembedwe kasanakonzedwe ndi bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, amalemba "c" pamene lero timalemba "ch", monga momwe zilili m'makope akale a Buku Lopatulika la 1922. Munthu wozolowera kuwerenga Chishona ndi Chingerezi amapunthwa pamenepo, ndipo akasekedwa kamodzi sadzawerenganso pagulu. Wapampando achenjeze anthu za kalembedweka asanamupatse wina aliyense bukulo.

Tsopano za dongosolo la msonkhano weniweniwo. Gawo loyamba likhale la nthano yokha, ndipo likhale ndi funso limodzi lomwe munthu angayankhe kuchokera pa zomwe zawerengedwa, monga lakuti kodi mwana uja analakwa pothawa kwa amalume ake kapena ayi. Funso lotere lili ndi mbali ziwiri, ndipo mnyamata wa zaka 17 angaliyankhe molimba mtima mofanana ndi agogo ake, popeza umboni wake uli pa tsamba lomwe onse alimva. Pa gawo limeneli ndikupemphani kuti mutsate mwambo wa pabwalo la milandu, pomwe ang'onoang'ono ndi mboni amayamba kuyankhula, nduna n'kutsatira, mfumu n'kumalizitsa. Mwana woleredwa bwino sangatsutse mawu amene agogo anena kale, kotero akuluakulu akayamba ndiwo, ndiye kuti zokambirana zatha zisanayambe. Muwafotokozere akuluakuluwo mwaulemu kuti kuyankhula pomaliza ndi udindo wa woweruza, ndipo mudzaona kuti sadzakhumudwa. Achinyamata akayankha mosakaniza ndi Chishona, asiyeni amalize ganizo lawo. Kuwakonza pakati pa chiganizo ndi njira yachidule yowatsekera pakamwa.

Gawo lachiwiri ndi la mawu. Pamene kuwerenga kuli mkati, pakhale mlembi amene akulemba m'kope mawu, miyambi ndi zining'a zomwe wina wakwezera dzanja kuti sanazimve, koma kuwerengako kusaime. Nthano ikakambidwa, mlembi awerenge mndandandawo, ndipo apa ndi pamene akuluakulu ayenera kupatsidwa bwalo lonse. Mudzapeza kuti nawonso sagwirizana nthawi zonse, chifukwa wa ku Kasungu, wa ku Zomba ndi wa ku Katete satchula zinthu zonse mofanana, ndipo ena anakulira m'nyumba za Chiyao kapena Chilomwe. Mlembi alembe matanthauzo onse operekedwa pamodzi ndi dera la amene wawapereka, osati kusankha limodzi n'kulitcha loona. Ngati wina angakubweretsereni Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, udzakuthandizani, koma muuyike kumapeto, anthu atanena kale zomwe akudziwa.

Gawo lachitatu, la kukumbukira kumudzi, ndi limene mukuliona ngati chosokoneza, koma ine ndikuliona ngati chuma chimene gulu la ku Lilongwe lilibe. Anthu athu anafika kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 ndipo ena chisanayambe n'komwe, ndipo amene anaona zimenezo ndi maso awo akutha. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma mbiri ya mabanja a m'madera a Harare monga Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Dzivaresekwa yambiri idakali m'mitu ya anthu. Choncho gawoli lipatseni nthawi yakeyake kumapeto, pamene tiyi wafika, ndipo agogo akayamba nkhani yotere pakati pa gawo loyamba, wapampando anene kuti, "Agogo, imeneyo tisaiwononge ndi changu, mlembi wailemba, tiimva bwino pa tiyi." Chachikulu n'chakuti lonjezolo lisungidwe. Mukalonjeza kawiri osakwaniritsa, adzabwerera ku chizolowezi chawo, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Kope la mlembi lija ndi limene limamanga zonsezi pamodzi, ndipo ndikulangizani kuti buku lililonse lomwe mukuwerenga likhale ndi masamba akeake m'kopemo, olembedwa dzina la buku ndi chigawo chake pamwamba. Funso lomwe silinathe lilembedwe pansi pa chigawo chomwe linabadwira, kuti amene anajomba aone zomwe zinakambidwa m'malo moyambitsanso mtsutso womwe anzake anautseka. Kumapeto kwa kopelo kusiyidwe masamba a nkhani zoyendetsera gulu, monga zopereka za tiyi, amene ali ndi buku sabata ino ndi maganizo a buku lotsatira. Nkhani zimenezi zipatsidwe mphindi zochepa msonkhano usanatsekedwe, chifukwa nkhani ya ndalama ikalowa poyamba imameza masana onse.

Pa za upampando, ndikudziwa kuti magulu ambiri amakonda kusinthana sabata iliyonse pofuna chilungamo, koma ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Munthu mmodzi atsogolere buku lonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, popeza ndiye amene angakumbukire mafunso omwe anaimikidwa ndi malonjezo omwe anaperekedwa, ndipo kusintha kuchitike poyamba buku lina. Ngati wapampando ndi wamkulu, mlembi akhale wachinyamata, pakuti kulemba mawu m'kopemo ndi sukulu ya kalembedwe imene ana athu sanaipeze kwina.

Pali chinthu chimodzi chimene chingandichititse kuvomera kugawa gulu, ndicho kuchuluka kwa anthu. Mukafika poti ena amabwerera kwawo osayankhulapo kanthu chifukwa nthawi yatha, gawanani m'timagulu tiwiri pa gawo la nthano lokha, kagulu kalikonse kakhale ndi akulu ndi ana omwe, kenaka mubwerere pamodzi pa gawo la mawu ndi la tiyi.