Ana ochepa akhoza sayansi koma lipoti likuti akupita patsogolo: ndimusamutse mwana?

Mayi wina wa kwathu amene anasamukira ku Pennsylvania, limodzi mwa maboma a ku America, wanditumizira imelo. Mwana wawo ali mu Giredi 7. Awerenga lipoti la chigawo cha masukulu cha kumene akukhala, ndipo apeza kuti ana ochepa okha ndi amene anakhoza bwino mayeso a sayansi, komabe lipoti lomwelo likuti anawo akupita patsogolo kuposa mmene ankayembekezera. Funso lawo ndi lakuti ziwirizi zikugwirizana bwanji, ndipo kodi amusamutse mwana.

Amayi, nkhawa yanu ndikuimvetsa. Ife tinakula tikuyeza sukulu ndi chinthu chimodzi: zotsatira za MANEB zikatuluka, akhoza angati, asankhidwa angati. Nambala yoyamba imene mwaonayo ndi yotero. Mayeso a boma la Pennsylvania, otchedwa PSSA, amaika mwana pa umodzi mwa milingo inayi: Below Basic, Basic, Proficient ndi Advanced. Okhoza ndi amene afika pa iwiri yapamwambayo.

Nambala yachiwiri imachokera ku njira yotchedwa PVAAS, ndipo imafunsa zina: ana awa anayambira pati, afika pati? Njirayi inayambira ku Tennessee, boma lina la ku America komweko, ndi katswiri wa ziwerengero William Sanders. Pa sayansi pali vuto lake. Lamulo la dziko lonse la America, ESSA la 2015, limafuna kuti masamu ndi kuwerenga ziyesedwe chaka chilichonse kuyambira Giredi 3 mpaka 8, koma sayansi katatu kokha: kamodzi pakati pa Giredi 3 ndi 5, kamodzi pakati pa 6 ndi 9, kamodzi pakati pa 10 ndi 12. Choncho kawirikawiri palibe mayeso a sayansi a chaka chatha oti n'kuyerekezera nawo. Amatenga malikisi akale a mwana, a masamu ndi kuwerenga omwe, n'kuwerengetsera kuti pa sayansi angapeze zingati. Gulu lonse likaposa pamenepo, amati lapita patsogolo. Imeneyi ndi nkhani ya gulu, sikuti ikunena za mwana wanu payekha.

Ndiye ziwirizi sizikutsutsana. Anawo anayambira kumbuyo, aphunzitsi awakoka ndithu, koma sanafikebe pa mzere. Ine sukulu yotere ndimailemekeza kuposa ya ana amene anabwera akudziwa kale n'kungokhala pomwepo.

Chifukwa chimene ana ena amayambira kumbuyo chimandiwawa. Pennsylvania ili ndi zigawo za masukulu 500, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'deralo. Dera la nyumba zodula, sukulu yake imakhala ndi labu yabwino. Mu February 2023, khothi la Commonwealth Court linagamula kuti kagawidwe ka ndalama za maphunziro kameneka kakuphwanya malamulo aakulu a bomalo. Mukaona okhoza ochepa, nthawi zambiri mukuona umphawi wa dera, osati ulesi wa mphunzitsi.

Musamusamutse chifukwa cha nambala imodziyo. Kumeneko mwana amaphunzira m'chigawo chimene mukukhala, ndiye kusintha chigawo nthawi zambiri n'kusamuka nyumba, lendi n'kukwera. Koma musagonenso tulo poti mwamva kuti akupita patsogolo, chifukwa Giredi 8 ili pakhomo ndipo mayeso a sayansi alipo, kenako kutsogolo kuli mayeso a boma a kusekondale a Biology, otchedwa Keystone.

Onani kaye lipoti la zaka zitatu zotsatizana, chifukwa chaka chimodzi chimanamiza. Kenako kakumaneni ndi aphunzitsi a sayansi muwafunse kuti ana amagwira zipangizo kangati, kapena amangowerenga buku. Mufunsenso ngati chikumuvuta mwana wanu ndi sayansi yeniyeniyo kapena Chingerezi cha mafunsowo, pakuti mafunso ake amakhala ndi ndime zazitali ndi matebulo oti awerenge asanayankhe. Mukabwerako mundilemberenso zimene akuuzani.