Kodi tingaonetse dziko lonse ntchito za ophunzira athu pa intaneti?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza. Ophunzira athu ali ndi dimba la ndiwo zamasamba, ndipo amayeza okha mbewu n'kulemba m'makope mmene zikukulira. Ndikufuna kumaika nkhani zotere pa Facebook kuti anthu akunja, kuphatikizapo abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku London, aziziona. Kodi n'zololedwa, nanga ndiyambire pati? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, n'zololedwa, koma yambirani kwa makolo. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe bungwe loyang'anira za mauthenga ndi mafoni la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Choncho nkhope ndi dzina la mwana si katundu wa sukulu. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu, komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), kenaka makolo asayine chilolezo atamvetsa bwino kuti chithunzi chikangofika pa intaneti, wina akhoza kuchikopera n'kuchisunga ngakhale inu mutachifufuta mawa lake. Mwanayonso afunsidwe, ndipo amene wakana asanyozedwe m'kalasi.

Chofunika kuchilingalira mozama ndi zimene mudzaonetse. Masukulu ambiri akafuna chidwi cha anthu akunja amathamangira kujambula yunifolomu yong'ambika kapena ana atakhala pansi pa mtengo, ndipo ife tikuona kuti khalidweli limachotsa ulemu wa mwana, chifukwa chithunzicho chidzamutsatira mpaka atakula. Inu muli ndi nkhani yabwino kuposa imeneyo. Jambulani manja akuyeza mpiru ndi lula, tsamba la kope lomwe muli masamu awo, ndiponso bedi lomwe mbewu zinakana, pamodzi ndi maganizo a anawo pa chomwe chinalakwika. Mphunzitsi wa ku dziko lina amaphunzira zambiri pa bedi lokanikalo kusiyana ndi pa chithunzi cha ana atandanda akumwetulira. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe mbiri yake inawanda pa intaneti mpaka anaitanidwa kukalankhula ku msonkhano wa TED, wogawana nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007: chomwe chinakopa anthu ndi makina opanga magetsi ndi mphepo amene anapanga yekha.

Musalembe dzina la bambo la mwana, mudzi wake kapena nthawi imene amaweruka, ndipo zimitsani pafoni chizindikiro choonetsa malo musanajambule. Lembani m'Chichewa kuti makolo aziwerenga, n'kuikapo mizere iwiri ya Chingerezi pansi pake. Tsamba la pa Facebook likhale la sukulu, loyang'aniridwa ndi anthu awiri kapena atatu. Mlendo akapempha kulankhula ndi mwana payekha mukanireni, ndipo wofuna kuthandiza ndi ndalama mulozereni ku komiti ndi ku akaunti ya sukulu, osati ku nambala yanu ya foni.