Mzimu wa wantchito m'thupi la bwana

Mayi wina wandilembera imelo kuti anaona kachidutswa ka filimu ya ku Philippines pa Facebook, mkwatibwi akuyenda ndi kulankhula ngati munthu wina. Akufunsa ngati ndi nkhani ya ufiti, komanso kuti choseketsa n'chiyani pamenepo.

Mayi, mmene mwafotokozeramo, imeneyo ndi Here Comes the Bride ya 2010, yotsogoleredwa ndi Chris Martinez. Mulibe mfiti kapena sing'anga. Anthu akupita ku ukwati, galimoto zawo zikuwombana pamalo otchedwa Magnetic Hill nthawi ya kadamsana, ndipo asanu akudzuka mizimu yawo itasinthana matupi. Chifukwa chake n'chomwecho basi.

Amene munamuona uja ndi Angelica Panganiban. M'thupi la mkwatibwiyo mwalowa mwamuna wopaka akwati zodzoladzola, amene kuyambira kale ankalakalaka thupi ngati limenelo. Mkwatibwi weniweni watsekeredwa m'thupi la mayi wachikulire, loya, gawo la Eugene Domingo, ndipo akuona ndi maso ake ukwati wake ukumudutsa.

Koma ine pamene pamandigwira mtima ndi pa mtsikana wolera mwana. Mzimu wake ukugwera m'thupi la gogo wachuma wa banja la mkwati. Jaime Fabregas, bambo waimvi, ayenera kusewera ngati mtsikana wakumudzi wozolowera kutumidwa, amene mwadzidzidzi aliyense akumuopa. Thupi la mtsikanayo latengedwa ndi loya uja, ndiye wantchito amene ankangoti inde bwana tsopano akuyankha mabwana ake mopanda mantha. Ku Philippines mabanja ambiri opeza bwino ali ndi olera ana ochokera kuzigawo zakutali, ndipo oonera amadziwa bwino amene amakhala pampando ndi amene amaimirira mwana ali m'manja. Akamaseka, amaseka zinthu za m'nyumba zawo zomwe. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati filimu zoterezi n'zachibwana.

Ntchito ya osewera nayonso ndi yolemera: aliyense ayenera kuphunzira mayendedwe, mawu ndi kagwedezedwe ka manja ka mnzake. Mukaonera yonse, yang'anitsitsani manja a Panganiban ngozi isanachitike, kenako itachitika.

Martinez anabwereranso ku nkhaniyi mu 2023 ndi Here Comes the Groom, momwe muli Enchong Dee ndi Domingo yemweyo. Yambani ndi ya 2010, koma ana atagona, chifukwa nthabwala zina n'za akuluakulu.