Consultant ndi mlangizi, phungu kapena ndani?

Funso loyamba sabata ino lachokera kwa mayi wina yemwe akuti amamasulira malipoti. Alemba kuti: "Aphunzitsi, ndapatsidwa lipoti la akatswiri ena omwe boma linawalemba ntchito kuti afufuze chomwe chimachedwetsa mafayilo m'maofesi. Ndakakamira pa mawu oti consultant, ine ndalemba mlangizi koma mnzanga akuti ndi phungu, walondola ndani?"

Mayi, nonse awiri mwaphonya pang'ono ndipo sindikukudzudzulani ayi, mawu amenewa amavuta ndithu. Vuto la mlangizi ndi loti mawuwa ali kale ndi eni ake, mukangoti alangizi aliyense amaganiza za alangizi a zaulimi kapena a zaumoyo, anthu olembedwa ntchito omwe amalandira pakutha pa mwezi ndipo chaka chamawa muwapezanso pomwepo, pomwe consultant uja ndi munthu wobwera, asaina kontirakiti ya miyezi itatu, ayenda m'maofesi kufunsa mafunso, asiya lipoti pa desiki nkumapita. Phungu ndiye ayi ndithu. Masiku ano phungu ndi wa kunyumba ya malamulo, mukalemba kuti "unduna walemba aphungu 5" owerenga adabwa kuti zisankhozo zachitika liti. Uphungu nawo unapita kuchipatala ndi kumabanja, ndi mawu olimbitsa mtima munthu, osati okonzera kayendedwe ka mafayilo.

Ine ndimalemba katswiri wopereka upangiri, ndipo ikakhala kampani, kampani yopereka upangiri. Upangiri ndi nzeru zoti chinthu chichitike motani, ndiye zimagwirizana ndi ntchito yakeyo. Mukatchula kamodzi koyambirira kwa lipoti, kutsogoloko ingotini katswiriyo basi, musamatopetse owerenga. Polankhula m'maofesi anthu amangoti "ma consultant abwera" ndipo palibe wolakwa, koma papepala lopita kwa anthu wamba tiyeni tiyesetse.

Wina, yemwe akuti ndi wophunzira kuyunivesite, wafunsa ngati public administration angaimasulire kuti ulamuliro wa boma.

Ayi achimwene. Ulamuliro umanena za amene wagwira chiwongolero, nchifukwa chake timati ulamuliro wa atsamunda, kapena ulamuliro wa chipani chimodzi womwe unatha ndi chisankho cha 1994. Koma maphunziro anuwo sakufunsa kuti walamula ndani, akufunsa kuti kalata imatenga masiku angati kuchoka pa kalaliki kufika kwa bwana, ndalama zimadutsa kuti, wolemba anthu ntchito ndani. Amenewo ndi kayendetsedwe ka ntchito za boma. Chichewa chili ndi kachida kabwino kwambiri pamenepa, mumatenga mneni nkuika ka- kutsogolo ndi -edwe kapena -idwe kumapeto, ndiye kuyendetsa kumabala kayendetsedwe, kugwira kumabala kagwiridwe, kugula kumabala kagulidwe, moti procurement yomwe imasowetsa anthu tulo ija ndi kagulidwe ka katundu wa boma basi. Mavawelo amatsatana okha, tsinde likakhala ndi e kapena o mumamva -edwe monga katoleredwe ka misonkho, likakhala ndi a, i kapena u mumamva -idwe.

Ndipo musamalimbane kuti mawu amodzi achingerezi apeze mawu amodzi achichewa. Ndondomeko ya decentralisation itakhazikitsidwa mu 1998, anthu sanapange chimawu chachitali chovuta kutchula, anangoti mphamvu ku anthu, ndipo mpaka pano ngakhale agogo amamva.

Koma chenjerani ndi mawu oti boma enieniwo. Tsiku lina ndinkayesa mafunso a kafukufuku wina tisanawasindikize, funso linali loti "Kodi mumakhutira ndi thandizo lomwe mumalandira kuboma?" Bambo wina anandiyang'ana nkuti, "Ine kuboma sindinapiteko chaka chino, nkutali." Iwo anamva boma la kwa DC, tauni ija ya maofesi, pomwe ife timanena boma lonse. Tinasintha nkukhala "thandizo lochokera ku maofesi a boma, kaya ali pafupi kaya kutali". Tikanapanda kuyesa bwenzi mayankho ambirimbiri ali a funso lina ndipo lipoti likanatuluka lokongola bwinobwino ndi matebulo ake.

Funso lomaliza ndi lalifupi: "Kafukufuku, kauniuni ndi kalembera nzofanana?"

Sizofanana. Kalembera nkuwerenga ndi kulemba mmodzimmodzi osadumpha aliyense, ngati kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 kapena kalembera wa mavoti. Kauniuni ndi kubwerera pa chinthu chomwe chachitika kale kuti muone ngati chinayenda, pulojekiti ikatha kapena ikafika pakati. Kafukufuku ndiye wamkulu, mumayamba ndi funso lomwe yankho lake simukulidziwa. Applied research ilibe dzina lake lokhazikika lomwe anthu amatchula tsiku ndi tsiku, ndiye nenani ntchito yake, kafukufuku wofuna kuthetsa vuto lakutilakuti. Kwa mayi a funso loyamba aja, mutu wa lipoti lanu ungakhale kafukufuku wofuna kuthetsa kuchedwa kwa mafayilo m'maofesi a boma.