Funsani Azakhali: Mabuku anga amapita osabwerera

FUNSO

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mufakose, ndinabadwira konkuno ku Harare koma agogo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu. Ine TV sindiikonda kwenikweni, changa ndi manovelo, ndimawerenga mu kombi popita kuntchito, usiku magetsi akathima ndimayatsa tochi ya pafoni mpaka batire kutheratu. Vuto ndi anzanga. Ndikamaliza buku lokoma mtima sukhala pansi, ndimafuna wina aliwerengenso kuti ticheze, ndiye ndimabwereketsa. Chaka chatha anatuluka mabuku 7, abwerako awiri okha, lina lili ndi mafuta ophikira masamba angapo, linalo chikuto chinachoka. Enawo ndikafunsa akuti ndikadali pa chaputala 2, miyezi 8 eti. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ndikalemba kuti amayi werengani buku ili ndi labwino amangoika kachala kaja basi nkhani yathera pompo. Ndisiye kubwereketsa kapena vuto ndine?

Mayi wa ku Mufakose

YANKHO

Mwana wanga, pepani koma pa mafutapo ndaseka. Buku la mafutalo ndi lomwe linawerengedwa, munthuyo analephera kulisiya mpaka analowa nalo kukhitchini, dzanja lina likukazinga tomato lina lagwira buku. Ameneyo musamutaye, ndi mnzanu weniweni pa zowerenga, mungomugulira pulasitiki yokutira. Amene akundidetsa nkhawa ndi asanu aja. Mabuku awo ali bwinobwino pamwamba pa wadiropu, oyera ngati atsopano, sanatsegulidwe, ndipo sakubweza osati chifukwa chakuba ayi koma manyazi, akudziwa kuti akangokupatsani mufunsa kuti nanga mwaliona bwanji, iwo ayankha chiyani?

Ndiye inde, pang'ono vuto ndinu, osakwiya. Mawu oti werengani ndi labwino amamveka ngati a nesi akukupatsa mapilitsi. Taganizani mmene mumafotokozera nkhani ya mkangano wa pamaliro kapena filimu ya ku Nigeria yomwe munaonera dzulo, simunena kuti inali yabwino basi, mumayamba ndi amene analowa pakhomo, chomwe ananyamula, mawu omwe anayankhula, anthu n'kusiya zochita kumvetsera. Buku nalonso limafuna chomwecho. Mwachitsanzo mulembe pa gulupu paja kuti amayi, mu 1958 mnyamata wina wa kumpoto kwa Nyasaland anauza mayi ake kuti akupita ku America kukaphunzira, ndalama alibe, nsapato alibe, ananyamula kankhwangwa, bulangeti, Baibulo ndi buku lina limodzi n'kuyamba ulendo wapansi, anadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kukafika ku Khartoum ku Sudan. Mukafika pamenepo khalani chete. Wina afunsa ndithu kuti nanga ku America anakafika? Inu muyankhe kuti buku lili kwathu, bwerani mudzatenge. Ndi nkhani yoona ya Legson Kayira, I Will Try, linatuluka mu 1965, ine ndalibwereketsa kangapo ndipo silichedwa kubwerera chifukwa munthu amalimaliza masiku atatu.

Chinanso muziyang'ana munthu musanamupatse. Ine ndinalakwitsapo ndi alamu anga, mayi woti amadzuka 4 koloko kukapikula ndiwo ku Mbare Musika n'kukhala padzuwa tsiku lonse, ine n'kuwapatsa chibuku cha masamba 600 chifukwa choti ine chinandisangalatsa. Nditapita kukacheza ndinachipeza chili pansi pa mwendo wa tebulo lomwe limagwedera, chikugwira ntchito yake bwino lomwe. Sindinayankhule. Ulendo wina ndinawatengera kabuku ka nthano zifupizifupi koti nthano imodzi imatha makasitomala asanabwere, pano ndi iwo amene amandifunsa kuti mlamu mulibe kena?

Asanu aja muwamasule. Auzeni mwa nthabwala kuti ngati silinakukomereni bweretsani ndikusinthireni lina, palibe mayeso. Kuwerenga kwa chisangalalo si sukulu, buku likakana pa masamba 40 munthu ali ndi ufulu wolitseka, ngakhale ine ndili ndi mabuku otchuka omwe ndinawasiya pakati ndipo sindinadwale.

Pa zobwereketsa musasiye, akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma muikemo dongosolo ngati la chipereganyu, kuno amati mukando. Anthu asanu kapena 6, aliyense abwere ndi buku limodzi, mugule kope muzilembamo dzina, buku ndi tsiku, kumapeto kwa mwezi tsiku lomwe mumaponya ndalama mabuku nawonso azizungulira. Wosabweza sakutenganso lina, ndipo akumukumbutsa si inu nokha ndi gulu lonse chifukwa wina akulidikira. Munthu amasamala buku la mnzake akadziwa kuti lakenso lili m'manja mwa ena. Koma buku lomwe likatayika mulira, la mphatso kapena lomwe anakusiyirani malemu, limenelo lisamatuluke m'nyumba, wolifuna adzawerengere pa sofa panu mukumuphikira tiyi.

Komanso simukuyenera kukhala layibulale ya Mufakose yonse inu nokha. Mu msewu wa Rotten Row muli Harare City Library, ndipo Doris Lessing, mlembi uja anakulira m'dziko muno n'kudzalandira mphoto ya Nobel ya olemba mu 2007, atamwalira mu 2013 mabuku ake pafupifupi 3,000 anabwera kumeneko. Loweruka lina mutengane ndi mnzanu wa mafuta uja mukaone.

FUNSO

Azakhali ine ndi mnyamata wa zaka 23 wa ku Epworth. Chichewa ndimayankhula ndi agogo kunyumba koma chowerenga m'Chichewa chomwe ndinachionapo ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi, kusukulu zinali Chishona ndi Chizungu. Kodi alipo manovelo a Chichewa? Ndingawapeze kuti kuno?

Mnyamata wa ku Epworth

YANKHO

Alipo mwana wanga, ndipo si a dzana. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo kalekale mu 1933, nkhani ya moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka kukhala mfumu, inapambana mpikisano wa olemba m'ziyankhulo za mu Africa ndipo chaka chotsatira inatuluka m'Chizungu. Pali John Gwengwe wa Sikusinja ndi Gwenembe, pali Willie Zingani wa Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, funsani aliyense amene anaphunzira sekondale ku Malawi maina amenewa muone mmene nkhope iwalire.

Kuwapeza kuno ndiye ntchito. Malamulo a dziko a 2013 anaika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, koma yendani tauni yonse m'mashopu a mabuku ndi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu muone ngati mutuluke ndi novelo ya Chichewa, ine miyendo inawawa. Njira yomwe imandigwirira ntchito ndi basi. Anthu athu amapita kumudzi nthawi zonse kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, pobwera atanyamula usipa, mpunga wa kilombero ndi zitenje, ndiye buku limodzi lingaleme? Kutchalitchi kapena kumzikiti mukamva kuti wina akunyamuka mulembereni maina papepala, osangonena pakamwa aiwala, mumupatse ndi ndalama yake, ku Blantyre ndi ku Lilongwe masitolo a mabuku a sukulu alipo, ngakhale pamsika mabuku akale amapezeka. Muyambenso mwafufuza m'masutikesi a agogo ndi anzawo, akuluakulu aja amasunga zinthu.

Mukapeza lakale musadabwe kuona cimanga, cinthu, popanda h, ndi kalembedwe ka nthawi imeneyo, anzathu a ku Zambia mpaka lero amalemba choncho, muzingowerenga ch. Masamba oyamba mudzavutika, mudzaona ngati simudziwa chiyankhulo chanu, ndiye chitani izi, madzulo khalani pafupi ndi agogo muziwerenga mokweza. Khutu lanu limachidziwa Chichewa kuposa maso anu. Mawu akakuvutani agogo ndiye dikishonale, ndipo ndikukuchenjezani, mawu amodzi ngati chikamwini kapena nkhoswe akhoza kudya ola lathunthu chifukwa adzayamba kukufotokozerani mmene anakwatirira, buku lili chitsegulire pamwendo.

FUNSO

Azakhali, pa gulupu yathu anthu amatumizirana mabuku a PDF aulere, enanso timagula a fotokope mumsewu chifukwa ndi otchipa. Ndi kulakwa?

Mtsikana wa ku Dzivarasekwa

YANKHO

Sindinama, inenso ndinagulapo la fotokope pafupi ndi pokwerera makombi, nditafika pomwe nkhani yafika pokoma ndinapeza masamba 20 mulibe, kuchoka pa 180 kudumphira pa 201, mkazi wa m'nkhaniyo anali pakhomo la mwamuna wake mwadzidzidzi ali m'ndende, mpaka lero sindidziwa anachita chiyani. Ndikumvetsa kuti dola ndi yovuta. Koma wolemba pa fotokope ndi pa PDF yozungulira sapezapo ngakhale senti, ndipo kwa olemba athu a kuno ndi a ku Malawi omwe mabuku awo amasindikizidwa ochepa kale, zimenezi zimapweteka kwambiri. Ngati muli 10 pa gulupupo sonkhani dola dola mugule lenileni limodzi lizizungulira, kapena la kaunjika lomwe wina analiwerenga kale, amenewo ndi otchipa ndipo palibe mlandu. Musanalipire yang'anani manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto, wogulitsa akakwiya akwiye.