Kwa achemwali aja a mapaketi anayi ochokera ku Dubai

Achemwali, mwati achimwene anu akubweretserani mapaketi anayi olembedwa baharat, loomi, sumac ndi za'atar, inu n'kutapa pang'ono monsemo, kuthira mu nkhuku nthawi imodzi, ndiwo n'kuwawa mpaka ana kukana kudya. Chonde musawataye. Ine ndinakhala zaka zinayi ndikuphika m'nyumba ina ku Muscat, m'dziko la Oman, ndipo zimene agogo a m'nyumbamo anandiphunzitsa ndi izi: zinthu zinayizi sizilowera limodzi mu poto. Chilichonse chili ndi nthawi yake, ndipo ziwiri mwa izo sizifuna moto wambiri n'komwe.

Amene anakuwonongerani ndiwo ndikuganiza kuti ndi loomi. Amenewa ndi mandimu ang'onoang'ono owiritsidwa m'madzi amchere, kenako n'kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa. Ena amakhala ofiirira, ena akuda bii, ndipo mukawagwedeza pafupi ndi khutu mumamva njere zikulira m'kati. Njerezo ndi zimene zimawawa. Ngati munasinja loomi wathunthu mu kamtondo, ndiye kuti munasinjira kumodzi ndi kuwawa konseko. Kaphikidwe kake n'kosavuta: boolani ndi nsonga ya mpeni kawiri kapena katatu, muponye wathunthu mu msuzi. Awiri akwana pa nkhuku imodzi. Akafewa muwakanikize ndi mthiko m'mbali mwa poto kuti madzi ake atuluke, kenako muwavuule. Kuwawasa kwake si kwa ndimu yaiwisi ayi, n'kozama, konunkhira ngati kautsi. Mukafuna wa ufa, muphwanye, muchotse njere zonse, musinje makoko ndi zam'katizo.

Baharat m'Chiarabu amangotanthauza zokometsera, basi. Ndi ufa wosakaniza tsabola wakuda, cumin, coriander, cinnamon, cloves, cardamom ndi nutmeg, ndipo banja lililonse lili ndi kasakanizidwe kake. Ku Gulf, chigawo chimene kuli Oman ndi Dubai, ena amati bzar. Ameneyu malo ake ndi m'mafuta. Kazingani anyezi mpaka afiire, muthire adyo, ndiye muike masupuni aang'ono awiri a baharat n'kutakasa kosapitirira mphindi imodzi. Fungo likangokugundani mphuno, ikani nyama. Mukachedwa amapserera, ndipo akapserera palibenso chomubweza. Pano ndipamene ambiri kwathu timalakwitsa, chifukwa tinazolowera kutapa ufa wa curry mpaka ndiwo zichite chikasu. Chakudya cha Aluya ambiri sichiwawa tsabola. Amafuna fungo. Tsabola wowawa amabwera pambali m'kambale kake, monga daqoos wa tomato ku Gulf, zhug ku Yemen kapena harissa ku Tunisia, aliyense azithira yekha monga timachitira ndi kambuzi.

Ngati mukufuna kuyesa zenizeni Lamlungu likubwerali, phikani machboos, amene ku Saudi Arabia m'bale wake ndi kabsa. Mukakazinga anyezi ndi baharat uja, ikani nkhuku yoduladula, tomato awiri, loomi awiri, mchere ndi madzi. Nkhuku ikapsa ivuuleni, mu msuzi wotsalawo muphikemo makapu atatu a mpunga womwe mwauviika kwa theka la ola. Kumeneko amaphikira basmati, koma Kilombero wathu amachita bwino, mungochepetsako madzi pang'ono kuti asachite phala. Nkhuku ija muiwotche pa mbaula kuti ifiire, muisanjike pamwamba pa mpunga.

Ndinene pang'ono za agogo aja, chifukwa anandidabwitsa tsiku loyamba lomwe. Atandituma cloves anati karafuu, cardamom anati iliki, Chiswahili chenicheni. Anabadwira ku Zanzibar, ngati mabanja ambiri a ku Oman amene anabwerera kwawo zinthu zitasintha pachilumbapo mu 1964. Paja Sultan Seyyid Said anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar cha m'ma 1840, ndipo ndi iye analimbikitsa minda ya cloves ku Zanzibar ndi ku Pemba, yolimidwa ndi akapolo. Njira ya malonda a akapolo yomweyo ndi imene inafika ku Nkhotakota nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah. Ndikamanunkhiza cloves ndimakumbukira zonse ziwiri, kukoma kwake ndi anthu athu amene anadutsa panyanja paja osabwereranso.

Tsopano awiri otsalawo. Sumac ndi ufa wofiira wa tizipatso touma, wowawasa ngati malambe koma mopepukirapo. Dulani anyezi mopyapyala, muwaze sumac ndi kamchere, mufikise ndi zala, mudikire mphindi khumi. Anyeziyo amafewa n'kusanduka wofiirira, ndipo pambali pa chambo chowotcha simudzafunanso ndimu. Ku Palestine ali ndi chakudya chotchedwa musakhan, nkhuku yokhala pa anyezi wambiri wofewetsedwa m'mafuta a olive ndi sumac, zonse zili pamwamba pa buledi wopyapyala. Onani kuti ngakhale pamenepo moto umakhala wofatsa.

Za'atar ndiye musamuike mu msuzi ngakhale pang'ono. Ndi masamba ouma a mtundu wa thyme ndi oregano, osakaniza ndi sumac, mchere ndi chitowe chokazinga, chitowe chomwechi timachidziwa kumudzi. Ku Lebanon, Syria, Jordan ndi Palestine ndi chakudya cham'mawa: kambale ka mafuta a olive apa, kambale ka za'atar apo, mukunyema buledi, kuviika m'mafuta, kenako mu ufawo. Amapakanso pa mtanda wa buledi asanauike mu uvuni, n'kutuluka manakish. Ana anu aja muwawazire pa dzira lokazinga kapena pa mbatata yowotcha, muona okha akupempha.

Mukatsegula mapaketiwo, samutsirani m'mabotolo otsekeka bwino ndipo musawaike pafupi ndi mbaula kapena pawindo. Dzinja likafika muziyang'anitsitsa loomi, chifukwa akakoka chinyezi amachita nkhungu m'kati kunja akuoneka wabwinobwino. Ndipo achimwenewo akamadzapitanso, muwatume cardamom wobiriwira wa m'makoko ake, osati wa ufa. Muziphwanya atatu n'kuponya mu tiyi wamkaka akamawira.